Lestina Abisala m'Munda wa Tiyi

Lestina anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Amayi ake ankathyola tiyi. Abambo ake ankadulira tiyi. Lestina ankalera mlongo wake, Elson.

Elson anali khanda. Anali ndi miyezi itatu yokha. Anali ndi masaya onenepa ndi tizala tating'ono. Lestina ankamukonda kwambiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Elson asadwale.

Inali nyengo yozizira. Chiperoni chinkawaza tsiku ndi tsiku. Nkhungu inkabisa minda ya tiyi. Inkabisa fakitale. Inkabisanso malaini, nyumba zogonamo antchito.

Chaka chimenecho kunabwera chimfine chachikulu. Sichinali chimfine cha masiku onse. Chinkagoneka pansi ngakhale amuna amphamvu. Poyamba chinamveka ku Goliati. Kenako chinamveka ku Changata. Kenako chinafika pamalaini.

Oyamba kudwala anali mayi Esnat. Nyumba yawo inagundana khoma ndi nyumba ya a Lestina. M'mawa Lestina ankawamva akutsokomola. Masana ankawamva akutsokomola. Madzulo ankawamvabe.

"Usalowe kwa a Esnat," anatero amayi. "Phala lawo ndiziwapititsira ndekha. Ndizilisiya pakhomo."

"Chifukwa chiyani, Amayi?"

"Chimfine ichi n'chopatsirana. Ukachitenga iwe, umupatsira Elson. Khanda silingalimbe nacho."

Lestina anayang'ana Elson. Elson ankayamwa chala chake. Lestina anasunga mawuwo mumtima.

Lachisanu kapitawo anayenda khomo ndi khomo. Kapitawo ndiye ankayang'anira antchito.

"Mawa tikaweruka, nonse kuchipatala," ankatero. "Akulu ndi ana omwe. Kwabwera katemera wa chimfine."

Kapitawo atapita, Lestina anafunsa.

"Amayi, katemera n'chiyani?"

"Ndi jakisoni."

"Koma ine sindikudwala."

"Ameneyu amabaya anthu osadwala," anatero amayi. "Amabaya kuti asadwale."

Lestina sanamvetse. Koma sanafunsenso.

Loweruka masana anapita kuchipatala. Chipatala cha pa esiteti chinali chaching'ono. Chinali ndi chipinda chimodzi ndi denga la malata. Panja panali mzere wautali. Anthu anafunda nsalu. Ena anafunda masaka.

Pakhonde panali tebulo. Patebulo panali bokosi la matabwa. Bokosilo linabwera pa sitima, linatsikira ku Khonjeni. Lestina analikhudza ndi chala. Linali lozizira kuposa chiperoni. Mkati munali madzi oundana ndi timabotolo.

Wobaya jakisoni anali a Goodson. Anthu onse ankawatchula kuti adokotala. Anali aafupi, ovala magalasi. Pambali pawo panali kapoto kowira. Mukapotomo ankawiritsamo singano.

Kumbuyo kwa Lestina kunaima amuna awiri. Ankanong'onezana.

"Mwamva?" anatero mmodzi. "Akuti m'timabotolomo muli chimfine chomwecho."

"Chomwecho?"

"Chomwecho. Ndiye akutibaya nacho."

Lestina anamva zonse. Anafuna kuuza amayi. Koma mzere unasuntha.

Abambo anabayidwa. Amayi anabayidwa. Kenako inakwana nthawi ya Lestina.

"Pinda dzanja la diresi, mwanawe," anatero a Goodson. "Tayang'ana nkhuku ili apoyo. Ili ndi anapiye angati?"

Lestina anayang'ana nkhuku. "Mmodzi, awiri, atatu..."

Anamva kulasa pamkono, ngati nyerere yaluma.

"Basi, tatha," anatero a Goodson.

"Nanga Elson?" anafunsa Lestina.

"Iyeyu ndi wamng'ono kwambiri. Makanda sitibaya."

Anabwerera kunyumba. Lestina anasewera fulaye ndi anzake. Anadya kalongonda ndi makaka. Anaiwala za jakisoni.

Lamulungu m'mawa Lestina anadzuka mochedwa. Anafuna kutukula mkono. Mkono unakana. Unali wolemera. Unali wotupa. Unali wotentha.

Anagwira pachipumi. Panali potentha. Anagwira pakhosi. Panalinso potentha. Mutu unkawawa. Miyendo inali yolefuka.

Kuseri kwa khoma mayi Esnat anatsokomola.

Lestina anakumbukira amuna awiri aja. Akutibaya nacho chomwecho. Anakumbukiranso mawu a amayi. Khanda silingalimbe nacho.

"Ndatenga chimfine," anatero chamumtima.

Elson anali gone pamphasa. Anali pafupi kwambiri. Anatambasula kadzanja kake. Lestina anasendera kumbuyo. Anatseka pakamwa ndi dzanja. Anaopa ngakhale kupuma.

Amayi anali atapita kukatunga madzi. Abambo anali kuseri kwa nyumba. Ankameta ndevu, kukonzekera kutchalitchi.

Lestina anatenga saka. Anatenga nthochi ziwiri. Anatuluka mwakachetechete. Palibe anamuona.

Anadutsa malaini. Anadutsa mitengo ya bulugamu. Analowa m'munda wa tiyi. Masamba anali onyowa. Ananyowetsa diresi lake. Matope ofiira anamata mapazi ake.

Pakati pa munda panali kashedi ka udzu. Othyola tiyi ankausamo mvula. Tsiku limenelo munalibe munthu. Lestina analowa. Anakhala pangodya. Anafunda saka lija.

"Ndikhala muno," anatero. "Ndikhala muno mpaka ndichire. Elson sadwala."

Kunali zii. Madzi ankadontha kuchokera kudenga. Dontho, dontho, dontho.

Belu la kutchalitchi linalira kutali. Lestina ankanjenjemera. Anasenda nthochi imodzi. Analuma kamodzi. Sinakome. Anaiika pansi.

Mphepo inalowa m'kashedi. Inalowa m'saka. Inalowa m'mafupa. Mano a Lestina anayamba kugundana.

Anaganiza za kunyumba. Anaganiza za bulangete lake. Anaganiza za Elson. Ndani amuyimbira akalira? Misozi inatsika. Koma sanadzuke.

Patapita nthawi anamva mawu.

"Lestina! Lestina!"

Anali amayi. Lestina sanayankhe.

"Lestina!"

Anali abambo. Ankaitana m'Chilomwe. Abambo ankalankhula Chilomwe akada nkhawa kwambiri. Lestina sanayankhebe.

Amayi anaitananso. Tsopano mawu awo ankanjenjemera. Lestina anali asanamvepo amayi akuitana choncho. Sanathe kupirira.

"Ndili kuno," anayankha. "Ndili m'kashedi."

Anamva mapazi akuthamanga. Masamba a tiyi ankachita phokoso. Abambo anatulukira m'nkhungu. Anali ndi ndevu mbali imodzi yokha. Amayi anali kumbuyo, atabereka Elson.

"Amayi, imani pomwepo," anatero Lestina. "Musabwere ndi Elson."

Amayi anaima.

"Inunso, Ababa, musandiyandikire."

Koma abambo sanaime. Analowa m'kashedi. Anagwada pansi. Anavula jekete lawo la kutchalitchi. Anamufunditsa Lestina.

"Wathawiranji, mwana wanga?"

"Ndatenga chimfine, Ababa. Sindifuna kumupatsira Elson."

Abambo anagwira chipumi chake. Nkhope yawo inasintha. Anayang'ana amayi.

"Amake Lestina, mwanayu watentha thupi."

Amayi anagwira pamtima.

"Tiyeni kwa adokotala," anatero abambo.

Anamubereka Lestina kumsana. Anayenda mofulumira. Amayi ankatsatira chapatali. Njira yonse Lestina ankacheuka.

"Amayi, musayandikire."

"Sindikuyandikira, mwanangu. Ndili kuno."

Chipatala chinali chotseka. Linali Lamulungu. Koma a Goodson ankakhala kuseri kwa chipatalacho. Anawapeza pakhonde. Ankamata tayala la njinga yawo.

"Odi, adokotala," anatero abambo. "Mutikhululukire, tabwera tsiku lopuma. Mwana watentha thupi."

A Goodson anasiya tayala. Anasamba m'manja ndi sopo. Anayala mkeka.

"Mukhazikeni apa."

Anatenga kagalasi koyezera kutentha. Anakaika kukhwapa kwa Lestina. Anadikira. Kenako anakayang'ana.

"Watentha pang'ono," anatero. "Tsopano ndiyankhe, mwanawe. Ukutsokomola?"

"Ayi."

"Ukameza malovu, pakhosi pakuwawa?"

Lestina anameza. "Ayi."

"Mphuno zikutuluka mamina?"

"Ayi."

"Nanga pakuwawa pati?"

"Pamkono. Ndi mutu pang'ono."

A Goodson anayang'ana mkono. Anaudina pang'ono. Kenako anatenga kapaipi komvera m'chifuwa. Anakaika pachifuwa cha Lestina. Kanali kozizira.

"Puma kwambiri. Pumanso. Pumanso."

Lestina anapuma. Amayi anaima pansi pa mtengo wa mapeyala.

A Goodson anachotsa kapaipi m'makutu. Anamwetulira.

"Ichi si chimfine," anatero.

"Si chimfine?" anafunsa abambo.

"Si chimfine. M'chifuwa muli bwino. Pakhosi pali bwino. Ndi katemera wa dzulo uja. Ana ambiri amatero."

Abambo anapuma mpweya wautali. Anakhala pansi, pamatope pomwepo. Anaiwala kuti avala buluku la kutchalitchi.

Koma Lestina sanakhulupirire.

"Adokotala," anatero motsitsa mawu, "anthu amati m'kabotolo muli chimfine."

"Wamva kwa ndani?"

"Pamzere."

A Goodson anagwedeza mutu. "Anena zoona, koma sanamalize. Chimfine chimabwera ndi tizilombo. Ndi tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. M'kabotolo muli tizilombo timeneto. Koma n'takufa kale. Chakufa sichiyenda. Chakufa sichiluma."

"Nanga munandibayiranji nato?"

"Kuti thupi lako litione. Likationa, litidziwa. Tsiku lina tamoyo tikabwera, thupi lako silidabwa. Linena kuti, 'Inu ndikukudziwani.' Ndiye litithamangitsa."

Lestina anaganiza. "Nanga n'chifukwa chiyani ndatentha?"

A Goodson anakodola amayi.

"Mayi, senderani. Palibe choopsa."

Amayi anasendera pang'onopang'ono. Anakhala pamphepete pa mkeka.

"Mayi, tsiku lanu loyamba kuthyola tiyi mukulikumbukira?"

"Ndingaliiwale ngati?" anatero amayi. "Msana unawawa. Zala zinatupa. Ndinalephera ngakhale kumanga mpango."

"Munkadwala?"

"Ayi. Ndinkaphunzira ntchito."

"Nanga lero?"

"Lero zala zimathyola zokha. Tsamba labwino zimalidziwa ngakhale nditayang'ana kwina."

A Goodson anatembenukira kwa Lestina.

"Wamva? Thupi lako silikudwala. Likuphunzira ntchito. Ntchito yatsopano imatopetsa. Mawa kapena mkuja ukhala bwino."

Lestina anayang'ana mkono wake wotupa. Kenako anayang'ana Elson. Panali funso limodzi lotsala. Linali lalikulu kuposa onse.

"Ndingamupatsire Elson?"

"Ayi. Ichi sichipatsirana."

"Ngakhale nditamunyamula?"

"Ngakhale utamunyamula tsiku lonse."

"Ngakhale nditamupumira kumaso?"

A Goodson anaseka. "Ngakhale utamupumira kumaso. Ndikuuzenso china. Elson sanabayidwe. Koma iwe wabayidwa. Amayi abayidwa. Abambo abayidwa. Inu atatu mukalimba, chimfine chivutika kufika kwa iye. Dzulo unamuthandiza mlongo wako."

Lestina anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni. Mapewa ake anatsika. Misozi inatuluka yokha. Sinali misozi ya mantha.

"Koma mverani nonse," anatero a Goodson. "Thupi siliphunzira tsiku limodzi. Limafuna masabata awiri. Muzisambabe m'manja. Khanda lisalowe m'nyumba ya wodwala. Wina akayamba kutsokomola, bwerani msanga."

"Tamva, adokotala," anatero amayi.

"Mwanayu agone. Amwe madzi ambiri. Pamkonopo muikepo nsalu yonyowa."

Kenako anawerama. Anayang'ana Lestina m'maso.

"Iwe uli ndi mtima wabwino. Koma kutchire sikuchiritsa munthu. Kuzizira kuja kukanakudwalitsa zenizeni. Tsiku lina ukamva kuwawa, uchite chiyani?"

"Ndiuze amayi."

"Usathawe?"

"Ndisathawe."

Anabwerera kunyumba. Abambo anaberekanso Lestina. Tsopano amayi ankayenda pambali pawo. Elson anali maso. Ankayang'ana mlongo wake.

Atafika, amayi anamuvula diresi lonyowa. Anamusambitsa mapazi ndi madzi ofunda. Anamufunditsa bulangete. Anamupatsa tiyi wotentha ndi mbatata yootcha.

Kenako anamasula Elson kumsana.

"Tenga mlongo wako."

Lestina anazengereza. Anabisa manja m'bulangete.

"Tenga," anatero amayi. "Adokotala anena kale."

Lestina anatambasula mkono wabwino. Amayi anamugoneka Elson pamiyendo pake. Anali wofunda. Ankanunkhira mkaka. Anagwira chala cha Lestina, osachisiya.

Abambo anafuna kukoleka jekete pamsomali. Anatukula mkono. Anausiyira panjira. Anakwinya nkhope.

"Bwanji, Ababa?" anafunsa Lestina.

"Palibe."

"Abambo ake a Lestina, nenani zoona," anatero amayi.

Abambo anakanda m'mutu. Anapinda dzanja la malaya. Mkono wawo unali wotupa. Unali wotupa kuposa wa Lestina.

"Wakhala ukuwawa kuyambira m'mawa," anatero. "Nanenso ndimaopa. Ndimayesa ndatenga chimfine."

"Osanena bwanji?" anafunsa amayi.

"Ndimachita manyazi."

Lestina anawaloza ndi chala. "Ababa, mukamva kuwawa muziuza amayi."

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anang'amba nsalu yonyowa pakati. Chidutswa china anaika pamkono wa Lestina. China anaika pamkono wa abambo.

Lolemba mutu wa Lestina unasiya kuwawa. Lachiwiri mkono unaphwa. Lachitatu anaseweranso fulaye.

Sabata inatha. Ina inathanso. Mayi Esnat anatuluka panja. Anali ataonda, koma ankayenda okha. Anakhala padzuwa n'kumaothera.

Chimfine chinayendabe pamalaini. Chinalowa m'nyumba zina. Ena obayidwa anadwala pang'ono, n'kudzuka msanga. Abambo anatsokomola masiku awiri. Anagona kukhitchini, kutali ndi khanda. Tsiku lachitatu anapita kukadulira tiyi.

Amayi sanadwale. Lestina sanadwale. Elson sanadwale.

Kenako chiperoni chinatha. Dzuwa linatuluka. Phiri la Mulanje linaonekanso kutali. Pamalaini panalibenso wotsokomola.

Tsiku lina masana onse anali pabwalo. Amayi ankapeta nandolo. Abambo ankanola mpeni wawo wodulira. Lestina anakhala pamkeka ndi Elson.

Mphepo inaomba. Mankhusu anauluka. Ena analowa m'mphuno mwa Lestina.

"Etsi!"

Amayi anasiya kupeta. Abambo anasiya kunola. Onse anayang'ana Lestina.

"Ndi mankhusu chabe," anatero Lestina.

Pomwepo panamveka kamawu kachilendo. Kanachokera pamkeka. Elson ankaseka. Sikunali kumwetulira chabe. Kunali kuseka kwenikweni, komveka. Anali asanasekepo choncho chibadwire.

"Mwamva?" anatero amayi.

"Tamva," anatero abambo. Anaika mpeni pansi. Anasendera pamkeka.

Lestina anawerama pafupi ndi nkhope ya Elson. Anayetsemulanso, mwadala.

"Etsi!"

Elson anaseka, n'kuponda m'mwamba ndi timiyendo take.

"Bwerezanso," anatero abambo.

Lestina anabwereza. Anabwereza kasanu. Nandolo anadikira m'lichero.